Lole ya Alamu Anga, Kuchoka ku Mpingwe Mpaka ku Zobue

Kuchoka ku Mpingwe kukafika ku Zobue ndi mtunda umene galimoto yamasiku ano imatha m'maola osakwana atatu, dalaivala ataima kawiri kugula chimanga chootcha. Ife tinatha tsiku lathunthu ndi m'mawa wa tsiku lotsatira. Ndanena izi poyambirira kuti wina asaganize kuti tinasochera. Njira timaidziwa. Vuto linali chimene tinakwera.

Alamu anga a Zuze, amuna a achemwali anga aakulu, anapuma ntchito ya mu ofesi ya inshulansi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anzawo akapuma amaweta nkhumba kapena kulowa m'komiti ya kutchalitchi. Iwo anapita ku Chiradzulu kukagula mtembo wa lole umene unali pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Ndi lole ya ku Mangalande, yamphuno yaitali, yopangidwa dziko lino lisanalandire ufulu. Bambo awo, amene anachokera cha ku Tete ali mnyamata, ankayendetsa ya mtundu womwewu ponyamula fodya kupita naye ku Limbe. Chifukwa chenicheni ndi chimenecho, ngakhale a Zuze sachitchula. Iwo amangoti, "Zitsulo zakale zinali zitsulo."

Lamulo lawo linali limodzi: chilichonse cholowa pa loleyo chikhale cha mtundu wake weniweni. Bawuti ya minibasi, ayi. Galasi la pulasitiki, ayi. Anadikira miyezi isanu ndi inayi kuti chitsekero cha rediyeta chifike kuchokera ku Bulawayo. Ali ndi anzawo angapo okonda magalimoto akale amene amakumana Lamlungu masana pabwalo lina ku Chichiri, ndipo pagulupo woweruza ndi a Zuze. Mkulu wina anasiya kubwera atauzidwa pamaso pa anthu kuti hutala ya galimoto yake ikulira Chijapani.

Achemwali anga a Esita ankaitcha loleyo "amayi aang'ono". Inatenga theka la bwalo la nyumba, pomwe iwo ankafuna kumangapo khola la nkhuku, ndipo m'zaka zonsezo ulendo wake wautali unali wokayezetsa kuti ipatsidwe mapepala. Mu Okutobala chaka chatha anaika mfundo. Lole ipite ku Zobue kwa azakhali awo a Zuze, ikatule makina osokera amene anawalonjeza kalekale, ibwere Lamlungu dzuwa lisanalowe, yokha, yosakokedwa, yosakankhidwa. Ikalephera, ogula zitsulo zakutha abwere ndi sikelo yawo. A Zuze anavomera mwachangu, ngati munthu wonyozedwa. Panafunika mboni yosakondera, ndipo popeza ndinagwirapo ntchito ya nyuzipepala, anasankha ine.

"Iwe Yona sutha kunama," anatero achemwali. "N'chifukwa chake ulibe galimoto."

Ine ndimakhala ku Chirimba. Loweruka ndinakwera minibasi yoyamba, ndinasintha m'tauni, ndipo 6 koloko inandipeza ku Mpingwe. A Zuze anali atavala suti yakuda, tayi ndi kapusi. Kumbuyo kwa lole ya matani asanu kunali makina osokera amodzi, omangidwa ndi zingwe zitatu.

Loleyi ili ndi sitata, koma sitatayo imagwira ntchito ikafuna. Tsikulo sinafune. Anandipatsa handulo, chitsulo chopindika chimene umalowetsa pansi pa rediyeta n'kupukusa injini ndi mphamvu za m'mapewa ako.

"Chala chachikulu musakulunge nacho, alamu. Ikabweza imathyola."

"Munayenera kunena dzulo, ndikanatumiza wina."

Inalira pa ulendo wachisanu ndi chiwiri. Agalu a mzere wonse anayankha. Tinatuluka pageti 6:40, achemwali ataima pakhonde ndi kapu ya tiyi, akuyang'ana malo amene lole yachoka ngati munthu woyeza ndi maso.

Mu Limbe tinalowa nthawi imene minibasi zimadzaza msewu. Oitanira anasiya ntchito yawo kutiperekeza.

"Madala, mwaiba kumyuziyamu?"

"Imeneyi inanyamulapo atsamunda, ipatseni penshoni."

"Abigi, ikakuferani mutiuze, tili ndi wilibala."

A Zuze sanatembenuke. Amati kuyendetsa lole yotere kumafuna mtima wonse, ndipo n'zoona. Posintha giya amaponda kilachi kawiri, kupatsa moto pakati, kenaka kukankha ndodo yaitali ngati munsi. Akalakwitsa pang'ono, m'bokosi mumamveka ngati wina akupera miyala.

Liwiro lathu lalikulu linali makilomita makumi atatu ndi asanu pa ola, potsetsereka. Pamsewu waukulu wa ku Blantyre tinali ndi mdipiti wa magalimoto kumbuyo umene nduna ingausirire. Pofika pa Ginnery Corner ndinaganiza kuti tikhotera msewu wa ku Chileka monga achitira anthu onse opita ku Mwanza. Koma a Zuze analunjika m'kati mwa tauni.

"Ku Zobue si uku, alamu."

"Anthu aione kaye."

Anthu anaiona. Inazima pamaloboti, pakati pa mabanki, ndipo anaiona kwa mphindi makumi awiri ndi zisanu. Ine ndinali kutsogolo ndi handulo, thukuta lili kamukamu, alonda a m'masitolo akundilangiza. Mayi wina wogulitsa nthochi anandifunsa ngati ndikufuna ganyu yopepukirapo. Mnyamata wa tayi anatsika m'galimoto yake yonyezimira, ife n'kuyesa akudzathandiza. Anadzijambula ndi foni atatsamira bampala, n'kubwerera.

Ku Chirimba rediyeta inawira. Tinaima moyang'anizana ndi kanjira ka kunyumba kwanga, nthawi ili 10:20. Ndinali nditayenda maola asanu ndi theka kuti ndifike pamene ndinachokera. Mkazi wanga anabweretsa ndowa ziwiri za madzi.

"Mwabwerako kale? Azakhali ali bwanji?"

Mboni siyankha mafunso a anthu wamba.

Titadutsa pa Kameza, lole inasintha khalidwe. Zikuoneka kuti chimene imadana nacho ndi tauni. Pa Lunzu inadutsa mwaulemu, pa Lirangwe chimodzimodzi, ndipo potsikira ku Shire a Zuze anayamba kuimba nyimbo ya m'buku la kutchalitchi. M'kati munali kutentha ngati mu uvuni wa njerwa, chifukwa injini ili pafupi ndi mawondo ako ndipo amene anaipanga kwawo kumazizira. Pasiteji iliyonse anthu ankatambasula dzanja kufuna matola. Pa Zalewa bambo wina wa matumba anayi a makala anathamanga nafe mtunda ndithu, akukweza mtengo yekha. A Zuze anatulutsa mutu.

"Iyi si ya matola."

"Nanga ndi ya chiyani, bwana?"

Funso limeneli achemwali anga alifunsa zaka zisanu ndi chimodzi. Yankho silinapezeke pa Zalewa.

Tinafika pa Mwanza 3:45, titathira madzi katatu. A Zuze anati lole yatopa, igone. Tinapeza malo ogona alendo, ndipo iwo anasankha chipinda chimene zenera lake likuyang'ana pomwe anaimika.

Lamlungu 7 koloko tinali pachipata cha m'malire a dziko lino ndi Mozambique. Mapasipoti sanavute. Inavuta ndi lole. Mtsikana wa pakauntala anafufuza dzina la mtundu wake pakompyuta, sanalipeze. Anaitana mnzake, mnzakeyo anaitana mkulu wawo, ndipo atatu onse anatuluka kukaona ngati chinthu cholembedwa pamapepalacho chilipodi. Mkuluyo anaizungulira kawiri, anagogoda chitseko ndi chala, n'kunena kuti agogo ake anakwerapo yotere popita ku Wenela, paulendo wa ku migodi. Kenaka anapempha kuona nambala ya tchesisi, monga lamulo linenera.

Nambala inalipo. Koma a Zuze, pofuna kupeza mtundu weniweni wobiriwira, anapaka loleyo penti kanayi, ndipo kanayi konseko anadutsa pamwamba pa nambalayo.

"Palani, bambo."

"Ndipale penti?"

"Kapena mubwerere."

Anagwada ndi suti yawo, napala ndi kandalama kachitsulo. Ankapala pang'onopang'ono ngati akumeta mwana. Madalaivala a mathiraki amene anagona pamzere anabwera kudzaonerera, wina atanyamula tiyi. Zinatenga mphindi makumi anayi.

Pachipata cha tsidya linalo a Zuze anatulutsa Chipwitikizi chonse chimene bambo awo anawasiyira, chomwe ndi moni ndi zikomo. Wapakauntala anawamvetsera mpaka kumapeto, n'kuwafunsa m'Chinyanja chomveka bwino ngati ali ndi pepala la inshulansi. Munthu amene anagwira ntchito ya inshulansi zaka makumi atatu anakagula pepalalo pakawindo ka pambali.

Kwa azakhali tinakhala theka la ola. Analandira makina awo, anayang'ana lole, n'kunena kuti mchimwene wawo anadwala msana mpaka imfa chifukwa cha chinthu chonga ichi. Anatipatsa mikate isanu ndi umodzi. Tinatembenuka.

Pofika 11:30 tinali titadutsa zipata zonse ziwiri ndi boma la Mwanza, ndipo a Zuze anayamba kulankhula za kumene achemwali angamange khola lawo, kuseri kwa bafa. Pachitunda china, makilomita ngati khumi kuchoka paboma, injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete. Tinabwerera chambuyo pang'onopang'ono mpaka m'mphepete mwa msewu.

Ndinapukusa handulo mpaka mapewa anakana. A Zuze anatsegula boneti, anapukuta mapulagi, anayang'ana mawaya, anawerenga buku lawo lachingerezi lothimbirira. Palibe chinasintha. Ine ndinathyola nthambi zamasamba n'kuziyala pamsewu, kumtunda ndi kumunsi, kuchenjeza magalimoto ena. A Zuze anakhala pamwala, kapusi pabondo, mutu m'manja.

Patapita nthawi kunatulukira bambo wachikulire panjinga. Ataona nthambi pamsewu, lole yaima, ndi munthu wa suti yakuda atazolika, anatsika panjinga patali, anavula chipewa, n'kubwera akuyenda monyang'ama. Ananjuta pafupi ndi ine.

"Pepani ndi zovutazi. Atisiya ndani?"

"Sanatisiye. Akadali m'chipatala," ndinatero, ndikuloza lole.

Anavalanso chipewa. Dzina lawo anati ndi a Dausi, amakonza zigayo m'midzi ya kumeneko, ndipo anali ndi thumba la masipanala pakaliyala. Sanapemphe chilolezo. Anamasula paipi yolowa mu kabuleta, anandiuza kuti ndipukuse, ndipo sipanatuluke ngakhale dontho la petulo. Anatsegula pampu ya mafuta, natulutsa kachikopa kozungulira kong'ambika pakati.

"Matenda ndi awa. Muli nako kena?"

A Zuze analibe. Kachikopako kanali kenikeni, ka ku Mangalande, ndipo kanali ndi zaka zofanana ndi zawo.

"Pa Mwanza pali mapampu a magetsi a minibasi," anatero a Dausi. "Koma lero Lamlungu, mwini sitolo ndi mkulu wa mpingo."

"Ngakhale akanatsegula. Pa lole iyi sipalowa chitsulo cha minibasi."

A Dausi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kumwamba.

"Ndiye njira yatsala imodzi, bwana. Chigubu padenga, paipi kutsika mpaka mu kabuleta. Mafuta aziyenda okha, ngati dilipi ya kuchipatala."

"Chigubu."

"Cha mafuta ophikira. Chimakwana malita makumi awiri."

"Mukudziwa kuti lole iyi ndaikonza zaka zingati?"

"Sindikudziwa. Ndikudziwa kuti yaima."

Kwa theka la ola a Zuze anayenda uku ndi uku m'mphepete mwa msewu. Anafunsa ngati kachikopa kangasokedwe. Anafunsa ngati kangadulidwe kuchokera ku tchubu cha njinga, a Dausi n'kuti petulo angakadye tisanafike pa Zalewa. Mkuluyo sanawakakamize. Anakhala pamthunzi n'kudya mikate iwiri ya azakhali. Itangokwana 12:40 foni ya a Zuze inalira. Mawu a achemwali ndinkawamva ndili chapatali.

"Muli pati, bambo a Lusiya?"

"Tikubwera."

"Sindikumva injini."

"Ikupuma."

"Ipume bwino. Anthu a sikelo aja ati afika 5 koloko."

Anaika foni m'thumba, anakonza tayi, n'kutembenukira kwa a Dausi.

"Kapezeni chigubucho." Anayang'ana penti wa lole. "Chingapezeke chobiriwira?"

"Zonse n'zachikasu, bwana."

A Dausi anapalasa kumudzi nabwera ndi chigubu, paipi ya pulasitiki ya mamita atatu, ndi malamba odulidwa ku tchubu. Ntchito yopopa petulo kuchoka m'thanki ndi pakamwa inagwera mboni. Ndinameza pang'ono, ndipo ndikhoza kuchitira umboni kuti sakoma. Anamanga chigubu padenga la kutsogolo, paipi inadutsa pachitsekero cha chigubucho, inatsika pambali pa galasi n'kulowa pansi pa boneti. Ndinapukusa kamodzi kokha, injini inalira. Zaka zisanu ndi chimodzi sinalirepo msanga chotero. A Zuze anamva zimenezo ndipo zinawapweteka.

A Dausi analandira kangachepe kawo, natichenjeza kuti tisasute fodya, nakwera njinga. Tinanyamuka 1:25.

Parodibuloko ya pa Zalewa wapolisi anatiimitsa. Anayang'ana chigubu, anayang'ana suti, anagwedeza malamba kuona ngati alimba, natiuza kuti tiwonjezere chingwe china ndipo mawa lenileni chinthucho chichoke. A Zuze anati zikomo ndi mawu a munthu wolandira chilango choyenera. Chitunda cha kuchoka ku Shire tinachikwera pa giya yachiwiri, njinga za makala zikupikisana nafe.

Pa Lunzu chigubu chinatsala pang'ono kuuma. Nthawi inali 4:05, ndipo dzuwa la Okutobala limalowa isanakwane 6 koloko. Ndinawerengera mtunda wotsala, ndinawerengera mmene lole imamwera, ndipo ndinauza alamu anga kuti theka la chigubu likwana, tisataye nthawi. Ndinkanena zoona. Masamu anga analibe cholakwa.

M'tauni sanafunenso kuti anthu aione. Anakokera kapusi kumaso. Koma msewu wa ku Limbe umadutsa pa Chichiri, ndipo anzawo a magalimoto akale anali asanabalalike. Anamva kulira kwa injini patali, anabwera m'mphepete mwa msewu akukweza manja. Kenaka anaona chachikasu padenga. Manja anatsika limodzilimodzi. Mmodzi anatulutsa foni. A Zuze anayang'ana kutsogolo ngati msilikali pa pelete.

"Alamu, andiona?"

"Ayi. Amayang'ana chigubu."

Tinadutsa mu Limbe 5:15. Chimene masamu anga anaiwala ndi chakuti ku Mpingwe n'kokwera. Lole itangoloza mphuno kumtunda, petulo wotsalayo anathawira kumbuyo kwa chigubu, paipi inayamba kuyamwa mpweya, injini inatsokomola. A Zuze anaponda mabuleki, akuisunga ndi moto.

"Kwerani kumbuyo. Pendeketsani chigubu."

"Ine ndine mboni."

"Kwerani, alamu, chonde."

Mawu akuti chonde ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo. Ndinakwera. Ndinamasula malamba, ndinakumbatira chigubu, ndinachipendeketsa kuti mafuta apeze paipi. Mtunda wotsalawo ndinauyenda nditaimirira, miyendo tang'a, chigubu pachifuwa, anthu ochokera ku mapemphero a masana akundiyang'ana. Tinaima pageti 5:33. Dzuwa linali likadaoneka, lofiira, pamwamba pa madenga.

Pakhonde panali achemwali. Pansi pa mpanda panakhala amuna awiri a maovolosi, sikelo yawo yokoloweka ili pambali, akumwa thobwa. Achemwali anatsika, anaizungulira lole, n'kuima pansi panga.

"Yona, ndinakutuma ukhale mboni kapena pampu?"

"Zonse ziwiri zachitika."

"Yafika ku Zobue?"

"Yafika. Zidindo zili m'mapasipoti."

"Yakokedwa?"

"Ayi."

"Yakankhidwa?"

"Ayi."

"Nanga ichi wakumbatirachi?"

Ndinafotokoza zonse mwa ndondomeko yake, kuyambira kachikopa mpaka chitunda. Anamvetsera manja ali m'chiuno.

"Ine ndinati ibwere yokha. Iyi yabwera itaberekedwa ndi mchimwene wanga."

Ndinawadziwa mawu amenewo. Achemwali anga amakonda mkangano monga ena akondera tiyi, ndipo anali atakonzeka kukangana mpaka mdima, kenaka n'kugonja mwaulemu. Chimene ankadikira ndi chakuti amuna awo ayankhe.

A Zuze anazimitsa injini. Anatsika, anavula kapusi, anayang'ana paipi ya pulasitiki imene inali kulendewera pa penti wawo.

"Mayi akunena zoona," anatero. "Sinabwere yokha. Pampu si yake. Ndikanakhala ine woweruza, sindikanailola." Anatulutsa kiyi m'thumba n'kutambasulira dzanja amuna a maovolosi aja. "Poyamba muchotse galasi, lisasweke."

Amuna aja anaika makapu pansi n'kuimirira. Wamkuluyo anatambasula dzanja. Achemwali anafika pakati pawo kiyi asanagwe m'dzanjamo.

"Mukuti chiyani, bambo a Lusiya?"

"Pangano ndi pangano."

"Pangano ndinapanga ndine, ndipo ndikudziwa chimene ndinanena. Kukoka ndi chingwe. Kukankha ndi manja. Chigubu ndinachitchula? Yona, ndinatchula chigubu?"

"Simunatchule."

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuchapa maovolosi a girizi, alendo akukhala pakhonde chifukwa pampando pali kabuleta. Lero chinthu chapita ku Mozambique n'kubwera, ndiye muchipereke kwa anthu awa chifukwa cha kachikopa?" Analanda kiyi. Anatembenukira kwa amuna aja. "Pepani, abambo, mwayenda ulendo wachabe. Malizani thobwalo."

Wamkuluyo anayang'ana lole kuyambira kumphuno mpaka kumbuyo, monga wogula ng'ombe amene yamupulumuka, nanyamula sikelo yake.

A Zuze anaima pomwepo, kapusi m'manja. Achemwali anawabwezera kiyi mosawayang'ana, natsegula geti mbali zonse ziwiri.

"Lowetsani, anthu akutiona. Iwe Yona, gwira bwino chigubucho, ulendo sunathe."